Mmene Ndinayeretsera Mphipi Yanga

Nsanje ena imawaondetsa, ena imawapititsa kwa asing'anga. Ine inanditengera ku madamu a madzi a m'zimbudzi kuseri kwa Chelstone, nditavala nsapato zanga zabwino. Ndipo musaganize kuti kumeneko ndiye kunali kumapeto kwa manyazi anga. Kumeneko n'kumene ndinali bwinoko.

Ndiyambe ndadzifotokoza pang'ono. Ndimagwira ntchito yosunga katundu m'sitolo ya utoto ndi zitsulo m'tauni muno mu Lusaka, ndipo timakhala m'mafulati akale aja a ku Kabwata. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mabuku akutha amene amayalidwa pansi m'mbali mwa Cairo Road ndawawerenga mopanda chifundo. Ndinawerengapo la kawetedwe ka njuchi (njuchi ndilibe), la kayendetsedwe ka sitima zapanyanja, ngakhalenso lina la matenda a ngamila. Mkazi wanga, bana Taonga (kuno timaitanana ndi dzina la mwana wathu, ine ndine bashi Taonga), amene ndi mphunzitsi ku Chilenje, amati mutu wanga uli ngati sitolo yomwe ndimasungayo: zonse zilimo, koma chimene wogula akufuna lero n'chimene sichipezeka.

Tsopano pali ba Mulenga. Awa ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, amakhala ku Kabulonga m'nyumba ya mpanda wautali, yoti ukagogoda pageti amayamba watulukira mlonda kudzakufunsa dzina. Kale, ine ndisanaonekere, apongozi anga aakazi, amene tonse timawatchula kuti ba Mayo, ankafuna kuti mwana wawo akwatiwe ndi ba Mulenga amenewa. Sizinatheke, iwo anakwatira kwina, ine n'kupata mwayi. Nkhaniyi inatha kalekale, aliyense anaiiwala, kupatula anthu awiri: ba Mayo ndi ine.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ba Mulenga ndi munthu wabwino. Munthu woipa n'zosavuta kumuda, umagona tulo tabwino. Koma uchita naye bwanji munthu amene Sabata lililonse amakugwira dzanja ndi manja awiri, n'kukufunsa kuti, "Muli shani, bashi Taonga? Nanga nkhongono ija yaleka kubaba?" Ngakhale mkazi wanga amaiwala kuti bondo langa limavuta. Iwo saiwala.

Bambo amenewa amajambula mbalame. Ali ndi kamera ya diso lalitali ngati munsi, ndipo akapeza tchuthi amakwera galimoto n'kupita kuzigwa za Kafue. Bana Taonga atakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ba Mulenga ndi akazi awo anabweretsa mphatso: chithunzi cha kakowa woyera mbee, ataima ndi mwendo umodzi m'madzi, m'felemu ya galasi. Tsiku lomwelo mkazi wanga anachotsa kalendala ya kusitolo kwathu, imene ndimabweretsa chaka chilichonse mokhulupirika, n'kupachika kakowayo pamwamba pa wailesi yakanema, pamalo penipeni pamene maso a mlendo amayamba kugwera.

Kuyambira pamenepo pabalaza panga panasanduka pa ba Mulenga. Mlendo aliyense, asanafunse n'komwe za moyo, ankati, "Mayo ine! Iyi ni ya ba Mulenga? Muntu uja ali na manja." Ba Mayo akabwera ankaima patsogolo pake, n'kupumira m'mwamba, kupuma kwake komwe kuja ankapuma pa tsiku la ukwati wathu. Lachisanu lililonse, dzuwa lisanalowe, bana Taonga ankalipukuta galasilo ndi kansalu kofewa. (Chithunzi chathu cha ukwati chili pakhoma lina, kuseri kwa chitseko, ndipo chimapukutidwa tikamva kuti abusa akubwera.) Ine ndikakhala pansi kuti ndimvere nkhani, kakowa uja ankandiyang'ana cham'mbali, ngati akufunsa kuti kodi lendi ya mwezi uno ndalipira.

Ndinalumbira mumtima kuti kakowa ameneyu atsika pakhomapo, ndipo chokwerapo chidzakhala cha manja anga.

Mwayi, kapena kuti tsoka, unandipeza pa Cairo Road pomwepo. Pakati pa mabuku a masamu ndi a maphikidwe panali buku lopanda chikuto lonena za kujambula mbalame. Ndinaliwerenga pa nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pachitini cha utoto. M'kati mwake ndinapezamo mfundo imene inandikoma ngati uchi: kuti mbalame yovuta kuijambula kuposa zonse ndi yakuda imene ili pamadzi owala, chifukwa kamera imanyengedwa ndi kuwala kwa madziwo, n'kuisiya mbalameyo ili bii ngati chibowo. Bukulo linanenanso kuti yoyera nayo ili ndi mavuto ake, koma tsamba limenelo ndinalidumpha. Ndinali nditamva zimene ndinkafuna: ba Mulenga anasankha mayeso osavuta.

Ndinagula kamera yogwiritsidwapo kale ntchito mu msewu wa Katondo, kwa mnyamata amene analumbira kuti mwini wake woyamba anali mzungu wosamala kwambiri. (Mzungu ameneyu ayenera kuti anali ndi katundu wambiri, pakuti chilichonse cha mu Katondo chinali chake.) Chinatsala n'kudziwa kokapeza mbalame zakuda. Ndinafunsa ba Mulenga omwewo titatuluka m'tchalitchi, mochenjera, ngati munthu wongocheza.

"Zakuda?" iwo anatero, nkhope ili ngwee. "Mphipi! Zija zimangena pansi pa manzi kugwila nsomba. Simufunika na kuyenda kutali, ziliko ku madamu ya suweji kumbuyo kwa Chelstone. Mufuna kuyamba kukopa? Tiyeni nikupelekeni pa Sondo na motoka, nizakubwelekani na kamela."

"Ayi, ndimangofunsira mnzanga wina wa kuntchito," ndinatero.

Mwaona munthu wake? Ukufuna kumugwetsa, iye akukubwereka makwerero.

Lamlungu lotsatira ndinauza bana Taonga kuti abwana atiitana kukawerengera katundu. Ndinakwera minibasi ya m'tauni, n'kusintha ya ku Chelstone, kenako wapansi kudutsa m'minda ya ndiwo zamasamba. Njira sindinafunse munthu. Mphuno inanditsogolera yokha.

Amene simunafikeko, madamu amenewa ndi maiwe akuluakulu kumene madzi onse oipa a mumzinda amakapumulira. Madzi ake ndi obiriwira, okhuthala, ndipo dzuwa likawomba amanyezimira mokongola ndithu, bola utatseka mphuno. Koma mbalame zake! Abakha a m'tchire, anantchengwa, timbalame ta miyendo ngati waya. Ndipo pa zitsa zotuluka m'madzi panali mphipi, zakuda bii, za khosi lalitali, zitatambasula mapiko padzuwa ngati abusa akudalitsa mpingo. Bukulo linali litandiuza kuti nthenga zake zimanyowa zikamira, n'chifukwa chake zimaziyanika chotero. Ndinamva chisoni pang'ono. Nanenso ndine munthu wa jekete imodzi.

Ndinajambula mpaka kakhadi ka m'kameramo kanadzaza. Pobwerera, mu minibasi, ndinayang'ana ntchito ya manja anga. Madzi anatuluka bwino kwambiri. Zitsa nazonso. Pamwamba pa chitsa chilichonse panali chinthu chakuda chopanda diso, chopanda nthenga, ngati munthu wadontheza phula papepala. Ndinayesa kuwonjezera kuwala Lamlungu linalo: mbalame inaoneka pang'ono, koma madzi onse anapsa n'kukhala oyera ngati khoma la chipatala. Tsiku lina ndinakwawa chamimba kuyandikira mphipi ina yofatsa modabwitsa imene sinkandiopa n'komwe. Ndinaijambula kumanzere, ndinaijambula kumanja. Itawomba mphepo ndi pamene ndinazindikira kuti linali jumbo lakuda lokodwa pamtengo. (Kunena zoona, zithunzi za jumbolo zinaposa za mbalame.)

Kunyumba mafunso anayamba. Bana Taonga ananunkhiza malaya anga ali chapatali, atawanyamula ndi zala ziwiri.

"Bashi Taonga, sitolo yanu yayamba kugulisa chani masiku yano?"

"Paipi ya kuseri inaphulika," ndinatero.

"Sondo iliyonse ipulika?"

"Ndi yakale."

Anandiyang'ana mmene amayang'anira mwana wa giredi faifi amene akuti galu wadya kope lake, koma sanapitirize.

Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuigwira nzeru yake. Dzuwa liyenera kukhala kumsana kwako, likadali lofewa m'mawa. Mbalame isakhale kutsogolo kwa madzi owala, koma kutsogolo kwa bango la mthunzi, kuti kamera isanyengedwe. Vuto linali lakuti malo okhawo oti zonsezi zitheke anali tsidya lina la damu, pakakhoma kopapatiza ka simenti komera ndere. Munthu wanzeru akanabwerera. Ine ndinakumbukira kansalu kofewa kaja ka Lachisanu, n'kukwerapo.

Ndinayenda bwino mpaka pakati. Kenako mwendo wamanzere, wa bondo lovuta lomwe lija, unaganiza zopita kwawo. Ndinalowa mpaka m'ntchafu. Sindifotokoza zimene ndinamva kuphazi, pakuti mwina ena mukuwerenga mukudya. Kamera yokha ndinaikweza m'mwamba ngati mwana wakhanda powoloka mtsinje. Ndipo ndili chomwecho, mwendo umodzi pakhoma, wina m'machimo a mzinda wonse wa Lusaka, mphipi inatera pachitsa patsogolo panga penipeni, n'kutambasula mapiko.

Abale anga, ndinaiona. Si yakuda chabe mbalame ija. Pamsana pake nthenga iliyonse ili ndi kamphepete kake, zosanjikizana ngati mamba a nsomba, ndipo dzuwa likagundapo zimachita ngati mkuwa wosakaniza ndi kubiriwira. Diso lake ndi lofiira ngati khala la moto. Madontho a madzi anali lende kunsonga za mapiko. Ndinadina kamodzi, kawiri, osapuma. Kwa kanthawi kameneko ndinaiwala ba Mulenga, ndinaiwala ndi kumene mwendo wanga unali.

Kondakitala wa minibasi ndiye anandikumbutsa. Tisanafike n'komwe pa Munali, amayi ena anali atatulutsa mitu pawindo.

"Ba mudala," anatero mnyamatayo atatseka mphuno ndi kolala, "selukani chabe. Osalipila. Ise tizakulipilani."

Ndinayenda wapansi mtunda wautali tsiku limenelo, nsapato ikulira fwatafwata, koma mumtima ndinkaimba.

Tsopano tafika pamene bukulo linkati ndi theka lachiwiri la ntchito: kukonza chithunzi pakompyuta. Mwana wathu Taonga, amene ali kukoleji ku Kitwe, anasiya laputopu yake yakale m'kabati. Ndinasamutsiramo chithunzicho, n'kufufuta zonse za pakakhadi kuti ndipeze malo ojambulira zina. (Sungani mfundo imeneyi. Ine sindinaisunge.) Lamlungu masana, bana Taonga atapita kumsonkhano wa amayi, ndinakhala pabalaza n'kutsegula pulogalamu yokonzera zithunzi.

Mmenemo muli timizere tokoka uku ndi uku. Kena n'kowalitsa malo a mthunzi okha, osakhudza owala kale. Ndinakakoka pang'ono chabe, ndipo nthenga zija zinatuluka mumdima imodziimodzi, ngati anthu akutuluka m'tchalitchi. Ndinachepetsako kunyezimira kwa madzi, n'kudula m'mbali kuti botolo lina loyandama lisaoneke. Diso lija linayaka. Chinali chithunzi chabwino, ndikunena pamaso pa Mulungu. Bukulo linati ukafika pamenepa chotsa manja, mbalame yakuda iyenera kukhalabe yakuda.

Ndinachotsadi manja. Ndinatsamira kumpando, n'kukweza maso. Ndipo pakhoma paja panali kakowa, ali mbee, akuwala ngati mkwatibwi.

Ndinayang'ana yanga. Ndinayang'ana ya ba Mulenga. Pafupi ndi kuyera kumene kuja, mphipi yanga inkaoneka ngati yabwera kumaliro. Ndinaganiza za ba Mayo, amene maso awo ayamba kuchita nkhungu: adzaona chiyani apa? Adzati mkamwini wapachika mdima. Ndinakoka kamzere kaja pang'ono. Kenako pang'ono pena. Mbalame inachoka pa makala n'kufika pa chitsulo. Ndinayang'ana kukhoma: kakowa akuwalabe kuposa. Ndinakokanso. M'nthenga munayamba kutuluka timadontho tofiira ndi tobiriwira ngati nyerere zavala zitenje, ndiye ndinapeza kamzere kena kosalaza, n'kutisalaza. Pamene ndinkamva bana Taonga akukwera masitepe, mphipi inali itafika pa phulusa. Mwachangu ndinadina posungira. Kompyuta inafunsa kanthu kena m'Chingerezi, ngati ndikufunadi kuika chatsopanochi m'malo mwa chakale, ine n'kuvomera msangamsanga ngati mkwati.

Mumtima ndinkadziwa kuti ndapitirira. Koma ndinadzitonthoza kuti akatswiri a kusitudiyo akabweza pabwino.

Situdiyo yake ili m'tauni, pamwamba pa sitolo ya nsalu, kokwera ndi masitepe amdima. Makoma ake onse ndi zithunzi: akwatibwi, ana omaliza maphunziro, amayi a pa phwando lolangiza mkwatibwi, ndi malemu osiyanasiyana atakhala m'mitambo. Chimene ndikanayenera kuona n'chakuti pa anthu onsewo panalibe wakuda ngakhale mmodzi. Lusaka yense anali pakhomapo, koma aliyense ali woyera ngati wabadwira m'chipinda chopanda windo, wopanda khwinya, wopanda chiphuphu, masaya ali psuu. Agogo a zaka zambirimbiri nkhope ili see ngati mbale. Ndinaziona ndithu, koma maganizo anga anali pa kukula kwa felemu.

Pakauntala panali mayi wina wa zikhadabo zazitali, akutumikira anthu atatu nthawi imodzi. Analandira kafulashi kanga kosungiramo zithunzi osayang'ana n'komwe zili m'katimo.

"Ni ya chani, dadi? Ukwati, kicheni pate, olo malilo?"

"Ndi mphatso ya akazi anga."

"Oo, ya ba madamu! Mwachita bwino, bamuna bambili sibaganiza. Tichite vonse?"

"Zonse zake ziti?"

"Vonse, dadi. Kuyeletsa, kusalalika, kuchosa ma diso yofiila, na kumbuyo tifakako vabwino. Ba ku Kabulonga bonse bamatenga vonse."

Mawu omalizawo ndi amene anandipha. Akanati a ku Kabwata, ndikanafunsa bwino.

"Chitani zonse," ndinatero, chifuwa chili patsogolo. "Ndipo chikhale chachikulu." Ndinatambasula manja kusonyeza kukula kwa kakowa, n'kuwonjezerapo chikhatho mbali iliyonse.

Mayiyo anakuwira kuchipinda cha kuseri, kumene kunali munthu amene sindinamuonepo mpaka lero: "Iyi ni ya ba madamu, vonse!"

Ndinakachitenga Lachisanu madzulo, ndikuthamangira kuti Sabata lisandilowere panjira. Chinali chitakulungidwa kale m'pepala lakhaki, ndi kariboni pamwamba.

"Simuzaiona, dadi?"

"Ndikaonera limodzi ndi mwini wake," ndinayankha. Ndinkafuna kuti kudabwa kwa mkazi wanga ndi kunyada kwanga zichitikire pamodzi, pamaso pa mboni.

Mbonizo ndinaziitana ndekha. Sabata limenelo linali loyandikana ndi tsiku lobadwa la bana Taonga, choncho ndinati tidyere limodzi nkhomaliro tikaweruka kutchalitchi: ba Mayo, ndi ba Mulenga ndi akazi awo. Mkazi wanga anadabwa kuti ine ndi amene ndikutchula dzina limenelo popanda kutsokomola. Tinadya mpunga, nkhuku, chikanda chimene ba Mayo anabweretsa. Ba Mulenga anayamikira chakudya, anayamikira makatani, anafunsa za bondo. Ine ndinkangomwetulira ngati munthu wobisa mpeni m'thumba.

Mbale zitachotsedwa ndinaimirira, n'kukatenga katundu wanga kuseri kwa kabati. Ndinalankhulanso mawu, Ambuye andikhululukire. Ndinati pali anthu ena amajambula zinthu zoyera kale, zimene ngakhale mwana angazione, koma luso lenileni ndi kuona kukongola mumdima. Ndinati mphatso yeniyeni siigulidwa ndi petulo. Ba Mulenga anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ameni."

Bana Taonga anamasula riboni, n'kung'amba pepala. Chithunzicho chinali chitayang'ana kwa alendo, ine ndili kumbuyo kwake, choncho choyamba kuona ine chinali nkhope zawo. Akazi a ba Mulenga anatsegula pakamwa, n'kutsekapo ndi kansalu. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinazungulira kuti ndione.

Munthu wa kuchipinda cha kuseri uja anagwira ntchito yake mokhulupirika. Anauzidwa kuti ndi ya madamu, zonse, ndipo anachitadi zonse. Mphipi yanga, imene ndinali nditaifikitsa kale pa phulusa, iye anaimalizitsa: inali yotuwa moyezuka, chapakati pa nkhuku yososola ndi sopo wochapira. Nthenga zonse anazisalaza ngati makwinya a agogo, moti thupi linali see, lonyezimira. Diso lofiira lija, diso limene ndinalowera m'damu, analikonza n'kukhala lofiirira mofatsa ngati la mwana wa ng'ombe, ndipo ndikulumbira kuti anawonjezerako tinsidze. Patsaya anapakapo kufiira pang'ono. Chitsa anachichotsa, bango analichotsa. Mbalameyo inali itaima pamtambo, mapiko ali tambasu, kumbuyo kwake kuli mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi utawaleza, m'makona monse muli maluwa.

Ba Mayo anavala magalasi awo, n'kusendera pafupi.

"Ni nkhuku ya bandani iyi?" anafunsa. "Inafwa liti?"

"Si nkhuku, ba Mayo," ndinatero ndi mawu a munthu wina.

"Nanga ichita chani mu makumbi monga malemu?" Anayang'anitsitsanso. "Awe, iyi yazola. Yazola mafuta yaja ya bakazi ba mu tauni. Onani mendo yasala yakuda."

Zinalidi choncho. Munthu wa kuseri uja mapazi anawaiwala.

Apa akazi a ba Mulenga anapempha njira ya kubafa, ndipo tonse tinawamva akulira ndi kuseka m'katimo, mpopi atautsegula kuti ubise. Ba Mulenga okha sanaseke. Anaimirira, manja kumbuyo, n'kuchiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali ngati dokotala.

"Mulomo uyu ni wa mphipi," anatero pang'onopang'ono. "Na kaimilidwe. Bashi Taonga, kuti muipeze pafupi so, na mapiko yotambika, munaimilila pati? Paja pa damu palibe malo, kuchoselako pa kachipupa kaja ka pakati."

"Damu iti?" anafunsa bana Taonga.

Ndinaona mkazi wanga akuwerengera m'mutu, mmene amachitira ndi malikisi a ana: Malamlungu aja, malaya aja, nsapato ija ndinati yabedwa pakhonde.

"Paipi," anatero motsitsa. "Paipi yakale."

Pofuna kudzipulumutsa ndinathamangira laputopu. Ndinati dikirani muone chenichenicho, mmene chinalili asanachiwononge anthu a m'tauni. Ndinatsegula, onse atandizungulira. Chinatuluka chaphulusa chija, chosalala, cha manja anga. Ndinafufuza pena, ndinafufuza m'kamera. Kakhadi kanali ndi zithunzi za jumbo lina latsopano. Chithunzi chokhacho chabwino chimene ndinajambulapo m'moyo wanga ndinali nditachikwirira ndekha, ndi chala changa, tsiku lija ndinavomera funso la kompyuta osaliwerenga.

"Chinali chakuda," ndinatero. "Nthenga iliyonse imaoneka. Diso linali ngati moto."

Ba Mulenga anandigwira paphewa. "Nakukhulupililani, mukwai," anatero. "Ine nayesa zaka zambili, sininaipezepo pafupi so."

Mukuona? Ngakhale pamenepa sanandipatse mpata woti ndiwade bwinobwino.

Alendo atapita (ba Mayo anatsika masitepe akufunsabe ngati nkhukuyo inali yathu), ndinakhala pampando kudikira chiweruzo. Bana Taonga anakoka kampando, anakwerapo, n'kutsitsa kakowa pakhoma. Kenako ananyamula chinyama changa chija n'kuchipachika pa msomali womwewo.

"Bana Taonga, chonde," ndinatero. "Tichiike kuseri kwa kabati. Ndikajambula china."

"Awe." Anatsika, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati chawongoka. "Ba Mulenga banakopa kakowa bali mu motoka, na mawindo yotseka. Imwe munangena mu suweji na nsapato za ku chechi. Munanama, munanunkha, mwasebana pamenso pa bamayo. Vonse ivi chifukwa cha chipupa changa." Anapukuta galasilo ndi m'mphepete mwa chitenje. "Izankhala apa apa. Aliyense wobwela azaiona, na ine nizamuuza mwamene inabwelela."

Ndiye ndinapambana, abale anga. Chimene ndinalumbira chinachitika: kakowa anatsika, cha manja anga chinakwera. Mpaka lero chili pomwepo, pamtambo pake, ndi tinsidze take, ndipo mlendo aliyense amafotokozeredwa nkhani yonse kuyambira pa paipi. Ana a pa fulati yoyandikana nafe amabwera ndi anzawo kudzaona.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinalowa kuchipinda kuti ndikavule jekete. Ndinali ndi kamtendere kena kachilendo, ka munthu amene wagwa koma wagwera pa mdani wake. Ndinakhala pabedi, n'kukweza maso. Pakhoma loyang'anizana ndi pilo wanga panali kakowa, ali mbee, ataima ndi mwendo umodzi.

"Bana Taonga!"

"Nanga niitaye?" anayankha ali kukhitchini. "Ni mphatso."

Kale ndinkakumana naye pa nthawi ya nkhani yokha. Tsopano ndi iye woyamba kundiona ndikadzuka, ndisanasukusule n'komwe, ndipo ndi womaliza ndikamazimitsa nyale. Ndinapempha kuti tisinthane mbali ya bedi, koma amaonekera konsekonse.

Phunziro ndinalitola, musadandaule. Munthu wa msinkhu wanga, wowerenga mabuku, sayenera kulola nsanje kumulowetsa m'madzi oipa ndi nsapato za kutchalitchi. N'chifukwa chake sabata yatha ndinagula majombo, ofika m'ntchafu.